Nkhungu pa Thireyi ya Apongozi

Kokerani mpasawo kuno kumthunzi, ana inu, ndipo mafoniwo ayambe apuma. Ndilankhula Chichewa chifukwa Chitonga chinakutayikani ku Lilongwe kwanuko. Lilime langa likamapotoka musaseke. Ine Chichewa ndinachiphunzirira pa doko, pogulitsa usipa kwa anthu otsika m'sitima.

Iwe Tadala, botolo la mavitamini wandibweretserali ndalandira, yewu ukongwa. Koma dzulo ndinakuona ukukankhira chigwada m'mbali mwa mbale ngati muli minga, kenako n'kumeza kapiritsi kako ndi madzi. Mlongo wakoyu Yamikani ndiye wabwera ndi chigubu cha ufa wosungunula m'madzi, akuti womanga minofu ya ku jimu. Ndinaununkhiza ufawo, ukumveka bisiketi. Ada anga, bambo anga ondibereka, ankapalasa bwato kuchoka kuno ku Nkhata Bay mpaka ku Usisya, ndipo mikono yawo sinatuluke m'chigubu ayi.

Nkhani ndikufuna kukuuzaniyi ndi ya bambo anu, Alekizanda, amene lero amadzaza mpando wa galimoto yekha. Panali chaka china munthu ameneyo anatsala pang'ono kutisiya asanakwanitse zaka ziwiri. Zikanatero, pampasapa bwenzi pali nkhuku zokha. Koma ndiyambire kwathu, kuti mudziwe kuti mayi wake anali munthu wotani.

Ine ndinakulira ku Mwaya, m'nyumba ya msodzi, ndipo sukulu ndinalekezera Sitandade 3. Zakudya sitinkazidziwa ndi maina a Chingerezi, tinkazidziwa ndi nyengo yake. Mvula ikagwa kunali chigwada chanthete, bowa, ndi mango ogwa okha mpaka ana kuwatopera. Mwera ukayamba kuwomba, mabwato osalowa m'madzi, tinkatsitsa usipa wouma umene ama ankasunga m'dengu pamwamba pa moto. Chinangwa tinkaviika m'madzi masiku angapo. Mlendo akamva fungo lake ankatseka mphuno, ife tinkati kwathu kwanunkhira. Kenako kuyanika pathanthwe, kusinja, kusefa, kondowole n'kupsa. Chigayo chathu chinali mikono iyi mukuiona yakwinyikayi.

Usipa tinkadya wathunthu, mutu, minga ndi zam'kati zomwe. Ama ankati nsomba yaing'ono sutayapo kanthu. Chigwada ankachisinja mumtondo, n'kuchiphika nthawi yaitali, n'kuthira nsinjiro zambiri. Ndiye panali nkhungu. Iwe Yamikani wakwinya kale nkhope usanamve. Nkhungu ndi tizilombo touluka, tating'ono kuposa udzudzu, tosaluma. Timatuluka m'nyanja tambirimbiri, makamaka nyengo ya mvula, ndipo ukationa patali umayesa utsi. Mphepo ikatikankhira kumtunda, amayi onse ankathamanga ndi malichero onyowetsa, kukupiza m'mwamba, tizilomboto n'kumamatirira. Tikatiumba ndi manja, kukulunga m'masamba a nthochi, kuphika n'kuyanika, pankatuluka chimtanda chakuda chimene chinkakhala miyezi osaonongeka. Ukabenthulako pang'ono n'kutendera, ndiwo zatha.

Agogo anu aamuna, a Longwe, ndinakumana nawo pa doko. Tsiku la sitima masiku amenewo linali ngati Khirisimasi. Ikangolira kuseri kwa phiri, tauni yonse inkatsikira kumeneko, amtengatenga ndi matumba pamutu, amayi ndi nthochi, ena ongobwera kudzaona amene watsika ndi sutikesi yatsopano. A Longwe anali kalaliki pa boma, ankabwera kudzalandira katundu wa ofesi. Tayi pakhosi, masokosi oyera, dzuwa likuswa mtengo. Mbiri yathu Atonga mukuidziwa, munthu akhoza kugona ndi njala koma malaya akhale osita. Anagula usipa kwa ine miyezi itatu. Ndinadzamva pambuyo pake kuti usipawo ankaupatsa mesenjala wa ku ofesi, chifukwa kwawo sunkaloledwa kulowa m'nyumba.

Amene sankaulola anali apongozi anga, NyaManda. Iwo anakhala zaka zambiri ku Halale, kumene amuna awo ankagwira ntchito m'hotela ya azungu. Amunawo atamwalira anabwerera kuno ndi makina osokera, kabati ya galasi, zipewa zitatu za ku tchalitchi, ndi thireyi ya tiyi yojambulidwa maluwa ofiira. Anthu ankawatcha Amisisi, iwo ali kutali. Ankawerenga nyuzipepala ya Chingerezi pakhonde, ndipo mawu awo okonda anali akuti haijini, ndiye kuti ukhondo. Usipa ankati wayanikidwa pamchenga, ntchentche zaterapo. Chigwada ankati ndi cha anthu osauka. Nkhungu ndiye osaitchula n'komwe. Sanali munthu wankhanza ayi, musawaganizire choncho. Ndiwo anandiphunzitsa kusoka, ndipo sanandimenyepo ndi mawu pagulu. Koma m'nyumba ija ndinkayenda chonyang'ama, n'kumadziuza kuti wakwatiwa kwa mphenzi saopa kung'anima.

Bambo anu atabadwa, dzina anawapatsa ndi iwowo. Dzinalo linali lolemera kuposa mwana. Mwanayo atakwanitsa chaka, Amisisi anandiuza kuti ndimuletse kuyamwa, poti madona a ku Halale amatero. Chakudya chake chinali phala la ufa woyera, wosefa kawiri, ndi shuga wambiri. Teni koloko tiyi ndi buledi woviika. Masana nsima yofewa ndi msuzi wokha, poti nsomba angatsamwe nayo minga. Mazira anali a bambo a m'nyumba, opita ku ofesi.

Ndiye panali mabotolo. Alamu anga, akulu awo a agogo anu, ankagwira ntchito ku Joni, ndipo ankatumiza phukusi. Munkakhala mabotolo atatu. Lina la mafuta a nsomba za kunja, lina la madzi ofiira otsekemera amene ankati toniki, lina la timapiritsi tachikasu. Amisisi ankawasunga m'kabati ya galasi, kiyi pakhosi. M'mawa uliwonse supuni imodzi, supuni imodzi, kapiritsi kophwanya. Ndikuuzeni zoona, inenso ndinkanyada. Anzanga a ku Mwaya akamadutsa ndi madengu, ndinkafuna aone kuti mwana wanga amamwa za ku Joni. Taganizani, mafuta a nsomba kukwera sitima kubwera ku Nkhata Bay, kumene nsomba timaiponda ndi mapazi.

Chaka chimenecho kunagwa chikuku, ndipo Alekizanda chinamugwira. Anachira, koma sanabwerere mwakale. Anali atayamba kuyenda chogwira mipando, analeka. Tsitsi linasanduka lofiirira, lonyololoka. Ankangokhala pamene wamuika, osaseka, kulira kwake kotsika ngati kwa mwana wa mphaka. Kenako masaya anayamba kudzaza, mapazi ndi miyendo n'kumanyezimira.

"Mwaona, NyaMhone?" anatero Amisisi, akumunyamula m'mwamba. "Toniki wayamba kugwira. Taonani mmene wanenepera mdzukulu wanga."

Amayi a ku tchalitchi ankabwera n'kumamuyamikira masaya. Ine mtima unkakana, koma ndikanati chiyani, wa Sitandade 3?

Tsiku la sikelo ndinapita ndekha. Kunali namwino wina wa ku Mulanje, wamfupi, wamawu aakulu. Atamupachika mwana pasikelo, anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Mayi, mwanayu amadya chiyani?"

Ndinayankha monyada, kutchula tiyi, buledi, phala loyera, ndi mabotolo onse atatu.

"Nanga ndiwo?"

"Msuzi wokha, anesi. Angatsamwe."

Anagwira phazi la mwana n'kudinikiza chala chake chachikulu pamwamba pake. Atachotsa, panatsala dzenje. Tinaliyang'ana tonse awiri, dzenjelo osabwerera.

"Uku si kunenepa, mayi. Awa ndi madzi. Mwanayu ali ndi njala."

Ndinapsa mtima. Njala m'nyumba ya kalaliki? Ndinamuuza kuti kwathu shuga sakutha, ndipo mabotolowo ndi ochokera ku Joni.

"Mabotolowo si oipa," anatero. "Amathandiza pamene pakusowa kenakake. Koma botolo lili ngati mchere. Munaonapo munthu atakhuta mchere? Thupi la mwana limamangidwa ndi chakudya chenicheni. Inu ndinu mwana wa yani?"

"Wa msodzi, ku Mwaya."

"Ndiye mukufuna ndikuphunzitseni chiyani ine, amene kwathu usipa timauona mwa apo ndi apo? Sinjani usipa wouma, sefani, muthire m'phala la mgaiwa. Nsinjiro, masamba, dzira, papaya. Pang'onopang'ono, kasanu pa tsiku. Akayamba kukana kudya, muthamange naye kuno tidzamugoneke. Mukachedwa, mayi, mwanayu mumuika m'manda ali wonenepa chonchi."

Mawu amenewo mpaka lero ndimawamva. Ndinabereka mwana n'kukwera chitunda chopita kunyumba. Ndipo iwe Tadala usandimve molakwa. Ndili ndi pakati pa azakhali ako ndinamwa mapiritsi a magazi, ndipo anandithandiza. Lero lino ndimamwa a BP m'mawa uliwonse. Chimene ndinaphunzira tsiku lija ndi chakuti piritsi limathandiza mbale, sililowa m'malo mwa mbale.

Nditafotokoza kunyumba, Amisisi anavula magalasi. "Nevala! Mdzukulu wanga adye zapamchenga? Kanesi kameneko kakudziwa chiyani? Mwana wanenepa bwinobwino, inu mukufuna kumutsegula m'mimba." A Longwe anangoyang'ana m'kapu mwawo. Agogo anu anali munthu wabwino, koma pamaso pa amayi awo tayi ija inkawathina pakhosi.

Apa ndiye muone nzeru za agogo anu aakazi. Inali nthawi ya chipani chimodzi. Inu simungazimvetse. Pamsika sunkalowa wopanda khadi la chipani, ndipo akuluakulu a dziko akamabwera, amayi tonse tinkayenera kupita kokayeserera gule wa chiwoda, nsalu ya chipani m'chiuno. Panalibe mwamuna kapena apongozi amene akanaletsa mkazi kupita kumeneko. Kungonena kuti usapite, mawa ukayankha mafunso. Mwezi umenewo tinkayeserera masana aliwonse, pabwalo lina kufupi ndi Mwaya. Ine amene kale ndinkapita mokokedwa, ndinasanduka woyamba kufika. Amisisi ankangondiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Ndinkanyamuka msanga, mwana kumsana, n'kuyamba ndadzera kwa ama. Tsiku loyamba ama atangomuona anagwira pakamwa. "Mwana uyu we ndi nja," anatero m'Chitonga, mawu omwe aja a namwino, kuti mwana ali ndi njala. Iwo sanafunikire sikelo. Anakazinga usipa pang'ono, kuusinja, kuusefa mpaka unakhala ngati ufa, n'kuuthira m'phala la mgaiwa pamodzi ndi nsinjiro. Alekizanda anakana, analavula, analira. Ama anamuika pamwendo n'kumamupatsa ndi chala, pang'onopang'ono, akumuimbira. Tsiku limenelo anameza kokwana masupuni atatu. Tsiku lachitatu anamaliza theka la kambale. Ndinkamudyetsa ndisanavine, ndikamaliza kuvina n'kumudyetsanso, kenako kumutsuka m'kamwa kuti fungo la usipa lisakafike kunyumba.

Patatha milungu iwiri, kutupa kunayamba kuphwa. Koma madzi akachoka m'thupi, mwana amaoneka mmene alili. Masaya aja anagwa, timiyendo tinatsala ngati timabango. Namwino anali atandichenjeza kuti zidzatero, ndipo ine ndinkaona kuti maso a mwana ayamba kutsatira nkhuku pabwalo. Amisisi anaona zina.

"Mwana akutha uyu! Ndi dzuwa ndi fumbi la kumagule kwanuko. Inu pitani, sindikukuletsani, aliyense wamva kuti sindikukuletsani. Koma mwana azitsala ndi ine."

Anawonjezera toniki, masupuni awiri. Masiku asanu ndinavina chiwoda manja ali m'mwamba, mtima uli kunyumba. Ndinayesa kubisa ufa wa usipa pamfundo ya nsalu, koma phala ankaphika okha, n'kumudyetsa okha. Tsiku lachisanu ndikumusambitsa, ndinaona mapazi ayambanso kunyezimira. Ndinadinikiza chala, dzenje linatsala. Ndinalira ndili chogwada pabeseni, mopanda mawu, kuti asandimve.

M'mawa mwake, cha m'ma teni koloko, ndinali nditanyamula thireyi ya maluwa ija kupita nayo pakhonde. Kunali kutagwa mvula, kunja kuli zii. Ndinangomva amayi akukuwa kumunsi, cha ku doko, "Nkhungu! Nkhungu!" Nditayang'ana, ndinaona chimtambo chakuda chikuchoka panyanja, chikukwera chitunda kulunjika m'mitengo ya mango ya kumunsi kwa nyumba yathu. Amisisi anayamba kutseka mawindo.

Sindikudziwa chimene chinandilowa. Ndinatsitsa makapu ndi thipoti pansi, bwinobwino, osaswa kanthu. Ndinaviika thireyi mumgolo wa madzi, kutola dengu, kuponya mwana kumsana, n'kufunditsa nsalu kumutu kwake.

"NyaMhone! Thireyi yanga mukupita nayo kuti?"

Sindinacheuke. Ndinatsetsereka chitunda chija ngati mtsikana, n'kulowa pakati pa amayi a kumadoko. Mkazi wa kalaliki, diresi losita, akukupiza thireyi ya ku Halale m'mwamba! Amayi anaseka mpaka ena kukhala pansi. Wina anakuwa kuti, "Lero nkhungu imwa tiyi!" Ine osasamala. Kukupiza, kukokolola ndi dzanja, kuthira m'dengu, kunyowetsanso pachithaphwi. Tizilombo m'maso, m'mphuno, m'tsitsi. Ndikuuzeni, thireyi ija inkagwira kuposa lichero.

Ndinabwerera ndili bii, dengu lili ndi nkhungu yokwana mitanda iwiri. Sindinazembere kuseri. Ndinasonkha moto pabwalo la Amisisi, kukulunga nkhungu m'masamba a nthochi, kuiphika. Ndinatulutsa ufa wa usipa ndi mgaiwa zimene ndinkabisa, n'kuphika phala pamaso pawo. Iwo anaima pakhomo manja ali m'chiuno. Nthawi yomweyo a Longwe anafika kudzadya nkhomaliro.

"Taona mkazi wako," anatero Amisisi. "Watichititsa manyazi tauni yonse. Ndipo akufuna kudyetsa mwana tizilombo."

Ine ndinamasula mwana, n'kumukhazika pamwendo. Kenako ndinalankhula.

"Ama, ndakulakwirani pa thireyi, ndiitsuka. Ndakulakwiraninso pokunamizani, chifukwa masiku onse aja ndinkamudyetsa usipa kwathu ku Mwaya. Koma a Longwe, bwerani kuno. Ndipatseni chala chanu."

Anabwera. Ndinagwira chala chawo chokhala ndi inki, n'kuchidinikiza paphazi la mwana wawo. Atachotsa, dzenje linatsala. Anakhala akuliyang'ana.

"Awa ndi madzi," ndinatero. "Anali ataphwa, abwereranso m'masiku asanu. Mwanayu adya zimene ndaphikazi, m'nyumba muno. Mukakana, ndikumubereka pompano kupita naye ku Mwaya, ndipo ukwati mukaukambirane ndi ankhoswe. Kuli bwino anthu andiseke kuti ukwati unandikanika kusiyana ndi kuti adzandipepese pamaliro."

Sindinalankhulepo choncho kwa munthu wamkulu chibadwire, ndipo ndinkaona ngati nthaka indimeza. Kenako agogo anu, munthu amene sankatsutsa amayi ake ngakhale pa za nyengo, anakonza kukhosi.

"Ama, ine nkhungu ndinadya. Zaka zonse zimene munatisiya ndi akulu anga kwa ambuya ku Chintheche, inu muli ku Halale, tinkadya nkhungu, usipa ndi chigwada. Ndi zimene zinatikuza. Musiyeni NyaMhone ayese mwezi umodzi."

Ndinkayembekeza kuti Amisisi akalipa. Sanatero. Anamuyang'ana mwana wawo ngati wawauza chinthu chachilendo, n'kulowa kuchipinda, kutseka chitseko.

Mwezi umenewo Amisisi sanandilankhule, kupatula moni. Ine ndinagwira ntchito imene sindinaigwirepo. Kasanu pa tsiku, monga ananenera namwino. M'mawa phala la mgaiwa la usipa. Kenako papaya kapena nthochi yokanya. Masana kansima ndi chigwada chotendera, chosinja bwino, n'kufwafwazira nkhungu pamwamba. Dzira la a Longwe linasamuka, iwo eni ndi amene analikankhira kwa mwana. Ada anga akabwera ndi nsomba ya batala, ndinkachotsa minga ndi zala, umodzi umodzi. Supuni ya mafuta a m'botolo ndinkamupatsabe, poti namwino anati ndisasiye, ndiponso ndinkafuna Amisisi aone kuti sindikunyoza zawo. Usipa ndinkautsuka katatu ndisanakazinge, haijini yawo ija ndinaitenga, ndipo inali yabwino.

Poyamba mwana anaphwanso, n'kuonda. Mlungu umenewo ndinaopa kwambiri, ndipo ndinkapemphera ndikusinja. Mlungu wachitatu anayamba kulanda supuni m'manja mwanga. Kenako tsiku lina nkhuku inamutolera nthochi m'dzanja, iye n'kuikalipira, kukwawa kuithamangitsa. Ndinaitana a Longwe kuti adzaone mwana wawo akukwiya. Sitinasangalalepo ndi mkwiyo wa munthu ngati tsiku limenelo. Kumizu kwa tsitsi kunayamba kutuluka lakuda.

Tsiku la sikelo litakwana, ndikubereka mwana, ndinaona Amisisi atuluka atavala chipewa cha ku tchalitchi ndi nsapato. Sananene kuti akupita kuti, anangotsogola. Kusikelo anakhala pabenchi pakati pa amayi a kumadoko, msana atauwongola. Namwino anamupachika mwana, n'kulemba kadontho pakhadi, pamwamba pa kakale. Anadinikiza phazi, panalibe dzenje. Anamuimika pansi, Alekizanda n'kugwira diresi la namwino, kuima yekha.

"Mayi, mwachita ntchito," anatero namwino mokweza, kuti onse amve. "Amayi inu, mukafuna kudziwa kaphikidwe ka phala, mufunse awa."

Ana inu, ine sindinalandirepo satifiketi m'moyo wanga. Koma tsiku limenelo ndinatuluka pachipata mutu uli m'mwamba, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimanyada. Ndinkadikira kuti tikafika kunyumba ndione Amisisi adzanena chiyani. Ndikuvomera, mumtima ndinali nditakonza kale mayankho.

Tisanatuluke, iwo anapempha namwino kuti awaonetse mwana wina wotupa amene anali pamzere. Anawerama, n'kudinikiza okha kaphazi kake ndi chala, mofatsa. Anayang'ana dzenje lija nthawi yaitali. Kenako tinakwera chitunda kubwerera kunyumba.

Titafika anakhala pa sitepe ya khonde, malo amene sankakhalapo, n'kuvula chipewa.

"NyaMhone, khalani apa."

Ndinakhala pansi, mwana pamwendo.

"Ine ndinabereka ana anayi," anatero. "Amuna anu sanakuuzeni, chifukwa sitizikamba. Awiri aakulu ndinawasiya kumudzi kwa amayi anga, poti nyumba ya ku Halale inali yaing'ono. Ndinkawalirira, ndinkati ndawasiya pa umphawi. Awiri aang'ono, Grace ndi Samuel, anabadwira konko. Amenewo ndinawalera ngati ana a azungu, tiyi, buledi, mabotolo. Onse awiri ananenepa chonchi asanamwalire. Ndinawajambulitsa chithunzi, n'kutumiza kumudzi kuti anthu aone mmene ana anga akukhalira bwino."

Mayankho anga aja anathawa onse.

"Zaka zonsezi ndinkati anawalodza anthu a nsanje. Amene ndinawasiya ku nkhungu ndi amene ali moyo."

Sanalire mokweza, sanali munthu wotero. Misozi inkangotsika, iwo osaipukuta. Ine ndinawagwira dzanja, koyamba chikwatiwire, n'kunena kuti, "Ama, simunkadziwa. Inenso sindinkadziwa, mpaka wina anandionetsa."

Alekizanda anayamba kulira njala, poti nthawi yake inali itakwana. Ndinadzuka, kukatenthetsa phala lake, lakuda ndi usipa, n'kubwera nalo. Ndikuti ndimutenge, Amisisi anakana. Anamukhazika pa diresi lawo la ku tchalitchi, n'kutambasula dzanja.

"Bweretsani kuno, mwana wanga. Ndionetseni mmene amayi anu amachitira."

Ndinawaonetsa. Anasamba m'manja, anaika supuni pambali, n'kuviika chala m'phala. Bambo anu anamaliza mbale yonse.